Galu Wathu wa ku Biwi ndi Mantha a Chiwewe

Nditangokwatiwa kumene tinkachita lendi ku Biwi, m'kanyumba ka malata ka zipinda ziwiri. Zinali zaka zija anthu ankakangana za matipate m'mabasi ndi pampopi pomwe. Amuna anga ankayendetsa galimoto lalikulu lonyamula feteleza ndi chimanga, ndipo akachoka ankatha masiku ambiri ali pa ulendo. Ine ndinali mlendo m'tauni, wochokera kwathu ku Dedza, ndipo kukhala ndekha kunkanditopetsa.

Tsiku lina amuna anga anabwera ndi katoni. Ndinkayesa muli sopo kapena shuga, koma nditatsegula ndinapeza kagalu kofiirira, kotupa mimba, makutu ali nkhupakupa zokhazokha.

"Ndakupezerani mnzanu," anatero akuseka.

"Mnzanga ameneyu? Mukudziwa kuti ine agalu ndimawaopa."

"Akakula azikulonderani. Panopa mulondereni ndinu."

M'mawa mwake ananyamuka, n'kundisiya ndi kanthu kolira kaja. Ndinalibe kuchitira mwina. Amayi ena apafupi anandiuza kuti kutupa mimbako ndi njoka, ndipo anandilozera ku ofesi ya za ziweto komwe anandipatsa mankhwala. Nkhupakupa ndinkazizula ndekha n'kumaziponya m'chitini cha parafini. Chakudya chake chinali phala la madeya losakaniza ndi mitu ya usipa. Loweruka ndinkapita naye kudibi, ndipo pobwera ankagubuduka m'fumbi mwadala ngati akundibwezera. Atalengeza za katemera wa chiwewe pabwalo la sukulu, ndinakaima pamzere pamodzi ndi anthu ogwira agalu awo ndi zingwe, mawaya, ena ndi nsanza za chitenje. Phokoso lake silinali la masewera.

Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kumumva. Kuuwa kwake kwa mlendo kunali kwina, kwa ana oba magwafa kunali kwinanso. Akaba dzira sindinkafunsa munthu, chifukwa ankabwera yekha makutu atagona, maso akuyang'ana kumbali. Akadzuka mwadzidzidzi n'kukaima pachipata akupukusa mchira, ndinkatereka madzi osamba, podziwa kuti amuna anga ali pafupi.

Kuseri kwa mpanda wathu wa udzu, womwe unali wogumuka mbali imodzi, kunkakhala telala wachisilamu wochokera ku Mangochi. Anali bambo achikulire, ofatsa, ndipo ankasokera pakhonde moyang'anana ndi bwalo lathu. Galu sankamugwira. Akayandikira, iwo ankangonyamula nsalu zawo n'kunena kuti, "Apo, bwanawe, apo." Galuyo anazolowera, ankafika pa ngalande yogawa mabwalo athu n'kugona pompo, mutu uli pamiyendo, akumvera makina.

Atelalawo anali ndi mphaka wamawangamawanga yemwe ankagona pamulu wa zidutswa za nsalu. Tsiku lina mphakayo anaima pangalande akugwedeza mchira, ine n'kunena kuti wakondwera kuona galu.

"Ayi, Amayi," anatero atelala. "Galu akagwedeza mchira ndiye kuti wakondwa. Mphaka akagwedeza, thawani."

Asanamalize n'komwe, galu wanga anali atakandidwa kale pamphuno. Kuyambira pamenepo awiriwo ankapatsana ulemu.

Chaka china m'nyengo yotentha kunamveka mbiri yoti galu wachiwewe waluma mwana cha ku Kawale. Aliyense anali ndi mantha, ana ankayenda ndi miyala m'matumba. Masiku omwewo kunali chinkhoswe nyumba yachitatu kuchokera kwathu, ndipo kudzala kunadzaza zotsala. Amuna anga anali ku ulendo.

M'mawa mwake galu sanabwere kudzandichingamira pakhomo. Ndinamupeza kuseri kwa bafa, kukamwa kuli yasa, dovu likuchucha mpaka pachifuwa. Ankapukusa mutu n'kumadzikanda kukamwa ndi mwendo. Phala analinunkhiza n'kulisiya. Ana omwe ankasuzumira pampanda atangoona dovulo anathamanga akukuwa, "Wachiwewe! Wachiwewe!"

Posakhalitsa pabwalo panadzaza anthu, ena ndi zibonga, ena ndi njerwa. Patsogolo panali alandilodi athu, bambo a mawu aakulu omwe anali ndi zidzukulu zambiri pamalopo.

"Mayi, patukani," anatero. "Tisadikire kuti alume munthu."

"Koma anabayitsa, Abambo. Ndinapita naye ndekha kusukulu."

"Zobayitsazo ine sindikuzidziwa. Ndikuona dovu."

Sindinawaimbe mlandu, chifukwa nanenso mantha anali atandigwira. Ndinangoima pakati, misozi ili mbwembwembwe. Apo ndinamva makina osokera asiya kulira. Atelala anaoloka ngalande, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Dikirani kaye, abale anga," anatero. "Nonse mukudziwa kuti ine galu sindimugwira, ndiye sindikumukondera. Koma ameneyu ndimaswera naye tsiku ndi tsiku. Amayi, tamuitanani muli pomwepo."

Ndinamuitana. Galu anatukula mutu, n'kupukusa mchira, n'kuyamba kukwawa chamimba kubwera kwa ine. Atelala anandiuza kuti ndimukankhire madzi ndi ndodo. Anawathamangira n'kuyesa kumwa, koma madziwo ankangotayikira pansi.

"Ine si dokotala," anatero atelala. "Mwina ndi chiwewe, mwina ayi. Koma ndikuona ngati akudziwa mwini wake, ndipo chilipo chikumupweteka m'kamwamo. Wina asapisemo dzanja. Amangidwe, apite kwa odziwa."

"Akaluma mwana mudzayankha ndinu?" anafunsa alandilodi.

"N'chifukwa chake ndikuti amangidwe, Abambo. Akakanena kuti ndi chiwewe, palibe amene atsutse."

Alandilodi anamuyang'anitsitsa galuyo. Kenako anaponya chibonga pansi n'kupita kwawo. Ndinkayesa akwiya, koma anabwerera atavala majombo, akukankha wilibala.

"Ngati n'kupita, ndimuperekeza ndekha," anatero. "Ndikufuna ndikamve ndi makutu anga."

Ndinamukola ndi tcheni, tinamufunditsa chiguduli n'kumumangirira muwilibala. Tinayenda padzuwa loswa mtengo, alandilodi akukankha, ine pambali, atelala patsogolo akuuza anthu kuti apatuke. Njira yonse alandilodi ankang'ung'udza kuti pa msinkhu wawo asanduka dalaivala wa galu.

Ku ofesi ya za ziweto, dokotala anatifunsa za katemera ndi za zomwe galuyo anadya. Anavala magolovesi, n'kumubaya jakisoni wogonetsa. Atamukanula kukamwa anaunikamo, n'kutenga kachitsulo konga pulayala. Anatulutsa fupa la nkhuku lomwe linapingasa pakati pa mano akumtunda, litalowa m'nkhama mbali zonse.

"Mwachita bwino kusapisamo dzanja," anatero dokotalayo. "Chiwewe nachonso chimayamba chonchi nthawi zina, ndipo anthu amalumidwa akufunafuna fupa. Mukamumangebe masiku angapo, mukaona zachilendo mubwerenso. Mafupa a nkhuku asamadye, amathetheka."

Alandilodi anapempha fupalo n'kulikulunga m'pepala. Titafika ku Biwi anayenda nalo khomo ndi khomo akuonetsa anthu. Mmene ankafotokozera, munthu akanaganiza kuti maganizo opita kwa dokotala anali awo. Atelala sanatsutse, anangobwerera pamakina awo poti anali ndi mayunifolomu oti amalize.

Amuna anga atabwera ndinawafotokozera zonse tili pamphasa. Anamvetsera osandidula, kenako anapita kugalimoto n'kutsitsa thumba la mbatata ya kachewere yomwe anagula pa Lizulu. Analigawa pawiri, theka kwa atelala, theka kwa alandilodi. Atelala anakana kawiri, kachitatu akazi awo anatuluka m'nyumba n'kulandira.

Galu uja anachira, ndipo anakhala nafe zaka zambiri. Ana anga onse anamupeza alipo. Woyamba anaphunzira kuyenda atagwira ubweya wa pamsana pake, iye akuyenda pang'onopang'ono ngati akudziwa. Titamanga kanyumba kathu ku Area 23 tinasamuka naye. Kumeneko anakalamba, kukamwa kunachita imvi, maso anachita khungu, mano anatha moti ndinkamuphikira phala lamadzimadzi ngati la khanda.

Anafa mwezi wa Juni, kukuzizira kwambiri. Amuna anga anakumba dzenje pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Tili pafupi kukwirira, mwana wanga woyamba uja, yemwe pa nthawiyo anali ku pulayimale, anati tidikire. Anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi juzi yake yakale yong'ambika m'zigongono. Bambo ake anamutsitsira mwanayo m'dzenjemo, ndipo iye anamufunditsa galuyo yekha.