Galimoto Yoopa Fumbi

Mitala ndinailowa mosafunsidwa. Mkazi mnzangayo anafika Loweruka masana, wasiliva, matayala ofika m'chiuno mwanga, akulira ndi mawu a dizilo amene ankanjenjemeretsa mawindo a nyumba yathu ku Darlington. Amuna anga anatsikamo ngati nduna, nandiuza kuti galimoto imeneyi imakwera phiri, imawoloka mtsinje, ndipo matope imangowaseka. Anaigula kwa mzungu wina amene famu yake inali itangolandidwa, munthu akulongedza katundu mwaphuma. Kwa mzunguyo inkanyamula feteleza, agalu ndi ana a ng'ombe odwala. Itafika kwathu inapuma pantchito.

Chaka chomwecho amayi anga anabwera kudzakhala nafe. Famu imene ndinabadwira, kuseri kwa phiri la Christmas Pass, nayonso inagawidwa, ndipo anthu a pakomboni, ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, anabalalika aliyense kolowera kwake. Amayi anafika ndi sutikesi imodzi, mphasa ndi mtondo. Manda a bambo anga ndiwo sakananyamulika, anatsala pafamupo.

Manda amenewo ine sindinawaonepo. Bambo akumwalira ndinali woyembekezera, ndipo kwathu woyembekezera saponda kumanda, choncho ndinalirira pakomboni. Pamandapo anangozikapo mtanda wamitengo. Amayi ankafuna chinthu chimodzi chokha: tikamange chiliza iwo akadali ndi maso olozera malo, kuti tsiku lawo likadzakwana tidzawagoneke pambali pa amuna awo. Makombi, maminibasi akuno, ankathera pamene tala wathera. Kuchokera pamenepo unali mtunda wamiyala ndi zigwembe, umene mawondo a amayi sakanautha. Koma ife nkhawa inali ya chiyani, pakhomo pali galimoto yokwera mapiri?

Mpongozi sapempha mkamwini maso ndi maso, ndiye pempho linkadzera kwa ine, yankho n'kudzeranso kwa ine. Ndinagwira ntchito ya mtengamakalata zaka zambiri m'nyumba ya zipinda zinayi. Yankho loyamba linali lakuti tidikire mvula ithe, poti matope akalowa kunsi amadyetsa zitsulo dzimbiri. Mvula itatha ndinauzidwa kuti fumbi ndiye mdani wamkulu wa injini ya dizilo. Ndinafunsa kuti pakati pa matope ndi fumbi pali mwezi uti, ndipo ndinayankhidwa kuti za magalimoto ndizisiyire eni ake.

Kenako zinafika zaka zosowa mafuta. Amuna anga ankagwira ntchito kudepoti ya ku Feruka, kumene mafuta amafikira m'paipi kuchokera ku Beira. Tsiku lonse ankakhala pakati pa matanki aakulu kuposa tchalitchi chathu, n'kubwera kunyumba akununkha dizilo, koma opanda ngakhale wodzaza supuni. Galimoto inaphimbidwa ndi tenti. M'mawa uliwonse Loweruka ankaivundukula, kuitsuka, kuipaka polishi, kuiliza pang'ono kuti batire lisafe, n'kuiphimbanso. M'mphako za matayala ankatsukamo ndi mswachi. Ine ndinadwalapo malungo sabata yathunthu m'nyumba imeneyo, koma sindikumbukira kuti wina anandivundukula kuti aone ngati ndikulira bwino.

Mafuta atayambanso kupezeka, anagula matayala atsopano ochokera ku Joni, amano akuluakulu, opangidwira miyala. Ndinati basi tsopano tapita. Ayi ndithu, matayala okwera mtengo chotero sungakawaononge pamiyala. Ndiye panali nkhani ya simenti ya chiliza, kuti matumba akakanda kapeti wakumbuyo. Pambali pa giya panali kagiya kena kakang'ono, kamene amati ukakakoka matayala onse anayi amakoka limodzi. Alendo onse ankaonetsedwa kagiya kameneka. Kukakhudza kunali koletsedwa, ngakhale kwa mwini wake.

Ulendo wa galimotoyo unali wa kutchalitchi Lamulungu, kutauni kumapeto kwa mwezi, ndi kwa makaniko. Kwa makaniko ndiye inkapitako mokhulupirika, chifukwa chinthu chongokhala chimadwala matenda a anthu olemera: lero mapaipi auma, mawa pampu yatsekeka, mkuja makoswe adya mawaya. Makanikoyo anawauza kangapo kuti injini ya dizilo imafuna kuthamangitsidwa ndi kusenzetsedwa katundu, ikangokhala imachita mwaye. Amuna anga anasintha makaniko.

Ndikawapanikiza kwambiri, yankho lawo lomaliza linali limodzimodzi. "Auzeni amayi mtima ukhale m'malo. Malowo ine ndikuwadziwa, ndinalipo tsiku lija. Pali mtengo waukulu, sungasochere."

Ndisadziyeretse. Mpando wakutsogolo unkandikoma. Unali wachikopa, wofewa, ndipo ukakhalapo anthu a m'makombi unkawaonera pamwamba. Amayi a chigwirizano ankandisuzumira ndikamatsika patchalitchi, ine n'kumatsika pang'onopang'ono kuti aonetsetse. Ndikanatha kupempha aliyense wa kabakiye kakutha, kagalimoto kabodi kumbuyo, kuti atiperekeze kufamu, tsiku limodzi lokha likanakwana. Koma anthu akanati chiyani, a galimoto yotere akukwera kumbuyo kwa bakiye ya eni? Manyazi amenewo ndinawasunga bwino, monga mmene amuna anga ankasungira matayala. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pakhomo pathu azengerezu tinalipo awiri.

Amayi anasiya kufunsa. Masana ankayala mphasa mumthunzi wa galimotoyo n'kumasenda mtedza, ndipo ntchito yaikulu imene inawagwirira pa moyo wawo ndi imeneyo. Kamodzi kokha anaphwanya mwambo. Amuna anga ali chogwada akupukuta nyali, amayi analankhula nawo mwachindunji, maso ali pa lichero.

"Apongozi, mwana wanuyu mwamulera zaka zonsezi. Kodi adzayamba liti kuyenda?"

Amuna anga anaseka kwambiri, nati mvula ikangotha tinyamuka. Amayi sanaseke. Anamwalira chaka chotsatira, mvula ili pakati.

Apa ndiwanenere zabwino amuna anga. Analira ngati mwana, ndipo palibe anawapempha galimoto. Okha anapinda mipando yakumbuyo, bokosi linalowa bwinobwino, malo n'kutsalako a nkhata za maluwa ndi makasu. Za kapeti sanatchule. Ine ndinakhala kutsogolo, anthu a kutchalitchi akutitsatira pa lole. Tinakwera Christmas Pass, tinatsika, tinasiya tala. Pamene msewu unasanduka chigwembe, amuna anga anaima, napuma mozama, n'kukoka kagiya kaja.

Anthu ofuna kugula galimoto yotere amandifunsa mpaka lero ngati ili yolimba, poti ikadali pakhomo ndipo ikadawala. Ndimawauza zoona: musakayike. Inakwera miyala yoterera osabwerera m'mbuyo ngakhale kamodzi. Inadutsa matope ofika m'mawondo. Pamtsinje madzi anafika m'zitseko, koma mkati simunalowe ngakhale dontho, ndipo bokosi silinasunthe. Lole inatitimira kutsidya, anthu anamaliza ulendo wapansi, ife tinali titafika kalekale. Kuchokera pageti pathu mpaka pafamu sipanathe ola limodzi ndi theka. Ndinayang'ana wotchi kawiri. Sindinadanepo ndi chinthu chopanda moyo monga ndinadanirana ndi galimoto imeneyo tsiku limenelo, chifukwa cha kusavutika kwake.

Komboni kunalibe, panali chimanga. Mayi amene anapatsidwa munda wa mbali imeneyo anatilandira mwaulemu, natitsogolera kukathengo kamene anakasiya pakati pa mizere. Anatiuza m'Chishona kuti pamenepo salimapo, pagona anthu. Ulemu anausunga ndithu, koma moto wolusa unkadutsapo chaka ndi chaka, chiswe chinamaliza mitanda imene moto unasiya, ndipo mitumbira inali itaphwa ndi mvula. Mitengo ikuluikulu inadulidwa kalekale ndi oumitsa fodya ndi nkhuni. Panatsala zitsa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zonse zazikulu, zonse zofanana.

Azibambo okumba manda anafika atanyowa mpaka m'chiuno, natenga makasu, n'kuima kudikira. Abusa anadikira. Amayi a chigwirizano anayamba nyimbo, anaimaliza, anayamba ina. Amuna anga ankayenda kuchoka pa chitsa ichi kupita pa icho, nsapato zawo zakutchalitchi zikumira m'matope. Ankaima, kuyang'ana kuphiri, kutembenuka, kuwerenga mapazi, kubwereranso. Mwa anthu onse amene tinali pamenepo, amene anaona bambo akuikidwa anali awiri okha, ndipo mmodzi anali m'bokosi.

Ndinawayandikira amuna anga kuti anthu asamve. "Bambo, lozanitu. Anthu akudikira."

"Mtengo uja unali apa," anatero. Kenako anayang'ana chitsa china. "Kapena apo."

Mawu onse amene ndinawasunga zaka zonsezo anandifika pakhosi, koma nditaona nkhope yawo ndinawameza. Munthuyo anali atadziweruza kale, ndipo mlandu wake unali wanganso. Pomaliza anatambasula dzanja, naloza malo ena pafupi ndi chitsa chapakati. Aliyense anaona kuti akungolota. Mkulu wa okumbawo anayeza ndi bango, nalasa khasu pansi.

Tinawaika amayi mvula ikuwaza. Pamene dothi linkagwera pabokosi ndinapepesa chamumtima, kwa iwo ndi kwa bambo, amene mwina anali mapazi atatu kuchokera pamenepo, mwina makumi atatu. Mpaka lero sindidziwa kuti amayi anga anagona pambali pa yani.