Ndinaponda Moto pa Msewu Woundana

Ndine amene ndinadulitsa mwendo wa mlamu wanga. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kuno ku Kabwe aliyense akuikamba nkhaniyi m'mene akufunira, ndipo ndatopa nazo. Ena akuti ndinali nditaledzera, ena akuti ndinagona pachiwongolero, ndipo ena a pakamwa ponunkha akuti ndinakhwimira m'bale wa mkazi wanga kuti ndilemere. Zonsezo ndi zabodza. Chimene chinachitika n'chopusa kuposa pamenepo, ndipo ndikachikumbukira mtima umandiwira mpaka lero. Inu owerenga, makamaka inu oyendetsa galimoto, khalani pansi mumve.

Ndimakhala ku Kasanda, komboni ya kuno ku Kabwe, m'nyumba imene agogo anga anasiya. Iwo anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito mumgodi. Ine mgodi sindinaupeze, ndinapeza chiwongolero. Galimoto ndinaphunzirira m'matope, kututa feteleza ndi chimanga m'misewu ya kumafamu nthawi ya dzinja. Amene anayendako akudziwa lamulo la kumeneko: ukamva kumbuyo kwa lole kwayamba kuvina, usachotse phazi, ponda moto mpaka utuluke. Ukangochita mantha n'kuima, watitimira, ndipo ukhala pomwepo masiku atatu ukudyedwa ndi udzudzu. Zaka khumi ndi ziwiri ndinachita zimenezo osatitimirapo. Anzanga ankanditamanda, ine n'kumayenda mapewa ali m'mwamba ngati palibenso msewu pansi pano umene ungandiphunzitse kanthu.

Kenaka ndinalembedwa ntchito pakampani ina ya mathiraki onyamula mkuwa kupita kudoko la Durban. Ulendo wautali choncho timayenda madalaivala awiri, ndipo ine anandiphatikiza ndi a Daka, mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga. A Daka kwawo ndi ku Petauke koma amakhala ku Bwacha, konkuno ku Kabwe, ndipo njira imeneyo anali atayendamo zaka zoposa makumi awiri. Ngakhale zinali choncho, abwana anapereka makiyi kwa ine, ati a Daka akalamba, amayenda ngati kamba. Ndinasangalala nazo, ndisaname.

Mukudziwa m'mene chilamu chimakhalira. Kuchoka pa Kabwe mpaka kuwoloka malire tinkangonyozana, iwo kunditchula mwana wa fumbi la mgodi, ine kuwatchula Mnsenga wamantha. Pakati pathu panalibe mawu olemera, chilichonse chinkathera m'phwete. Sindinadziwe kuti chizolowezi chimenecho chidzanditseka makutu tsiku limene ndinafunika kumva.

Unali mwezi wa Julayi. Tinafika pamwamba pa mapiri amene msewu umatsetsereka kulowera ku Durban cha m'ma teni koloko m'mawa, ndipo dziko lonse linali mbuu. Chinali chipale chofewa, chija timangochiona pa TV n'kumati sinoo. Kuzizira kwa kwathu kwa mwezi wa Juni, kumene timadandaula nako tikuwotha mbaula, n'chibwana. Koma ine m'malo mochita mantha ndinatsika n'kuyamba kujambula zithunzi zotumizira ana, ndikuseka ngati ndafika kuukwati.

Pambali pa msewu panali bwalo lalikulu loimikapo mathiraki, ndipo linali litadzaza. Madalaivala a dziko lomwelo anali m'magalimoto mwawo akumwa tiyi, opanda changu chilichonse. A Daka anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana msewu, kenaka anandigwira dzanja.

"Mulamu, paka motoka apa. Iyi njila ikachita so, sitiyendamo. Ona eni bake ba ziko bonse baimilila."

Ndisanayankhe foni inalira. Anali abwana, akuimba ali muofesi mwawo ku Kabwe, kumene dzuwa linali phwee. Makina a m'thiraki anali atawauza kuti taima.

"Ba dalaiva, mwaimilila chani? Mpepo chabe ndiye muyopa? Shipi siyembekeza muntu. Ngati mwakangiwa kambani, nipase motoka benangu."

Munthu ameneyu sanaonepo chipale chofewa chibadwire. Sanakwerepo phiri lija, sadziwa n'komwe kumene kuli giya yobwerera m'mbuyo. Koma anali ndi pakamwa potuma ana a eni kumanda iye akuzungulira pampando wa wofuwofu. Ndikamuona lero akudutsa m'tauni pagalimoto lake ndimalavulira pansi. Komabe ndisabisale kumbuyo kwake. Iye anali kutali, makiyi anali m'manja mwanga, ndipo munthu wodziwa anali pambali panga. Ndikanazimitsa foniyo palibe akanandimenya.

M'malo mwake ndinatembenukira kwa a Daka ndi chilamu chija. Ndinawauza kuti tsabola wakale sawawa. Ndinati ine amene matope a kumafamu anandilephera sindingaope timaufa tomwazikira m'mbali mwa msewu, ndipo ngati akuchita mantha atsale amwe tiyi ndi amantha anzawo, ndidzawatenga pobwerera. Iwo sanaseke. Anangokwera, n'kumanga lamba.

"Nikakusiya weka, nizamuuza chani mlongosi wanga?"

Mawu amenewo ndi amene amandilanda tulo. Munthu anali ndi mpata wotsala, koma anakwera kuti andithandize kuyang'ana msewu.

Tinanyamuka. Msewu unali wakuda bii, ukunyezimira ngati wangonyowa ndi mvula, zoyera zija zili m'mbali mokha. Poyamba zonse zinayenda bwino, moti ndinayamba kuimba likhweru kuti ndiwapsetse mtima alamu. Chimene sindinadziwe n'chakuti kunyezimirako sanali madzi. Anali madzi oundana, opyapyala ngati galasi, osaoneka ndi maso. A Daka anayesa kundiuza kuti pamlatho ndi pamthunzi m'pamene pamaundana kwambiri, ine ndinawafunsa ngati akufuna ndiwagulire bulangete.

Titafika pamlatho wina umene unali mumthunzi wa phiri, ndinamva ngolo ya thiraki kumbuyo ikuvina. A Daka analankhula motsitsa mawu kuti ndichotse phazi pang'onopang'ono, ndisagwire china chilichonse. Ndinawamva bwinobwino. Koma phazi langa linali ndi zaka khumi ndi ziwiri za m'matope, ndipo linachita zimene linazolowera. Ndinaponda moto.

M'matope matayala amakumba mpaka apeze pogwira. Pamadzi oundana palibe chokumba. Matayala anangozungulira pamwamba, mutu wa thiraki unayamba kulowera chammbali, ndipo kutsogolo kunali kona. Apo mantha anandigwira, ndinaponda mabuleki ndi mphamvu zanga zonse, kumene kunali kulakwitsa kwachiwiri. Chiwongolero chinapepuka m'manja ngati chathyoka. Ngolo yodzaza mkuwa inapindika ngati mpeni wa m'thumba n'kudzamenya mutu wa thiraki mbali ya kumanzere, kumene kunakhala a Daka.

Ine ndinatuluka ndi kabala pachipumi, kabala koti ngakhale mwana sangalire nako. A Daka anapanikizika, chitseko chitawalowa m'mwendo. Chifukwa cha ngozi yanga msewu wonse unatsekeka, ndipo ambulansi inavutika kufika popeza nayonso inkayenda pamsewu womwewo. Tinakhala maola awiri. Ndinavula jekete n'kuwafunditsa, ndikuwagwira mutu, mano awo akugundana. Sanandikalipire, sanati ndinakuuza. Ankangondipempha kuti ndiziwalankhulitsa kuti asagone. Ndikanakonda akananditukwana mpaka kwa agogo anga.

Kuchipatala madokotala anayesetsa masiku anayi, koma mwendo wakumanzere unali utafa. Anaudula pamwamba pa bondo. Ndine amene ndinaimbira mkazi wanga kumuuza, ndipo kulira kumene ndinamva pafoni tsiku limenelo sindikufuna mdani wanga yemwe adzakumve.

Nanga mkuwa uja tinkathamangira? Mkuwa suvulala. Anabwera ndi chimakina chonyamulira, n'kuukweza pathiraki ina, ndipo unafika kudoko patatha sabata yathunthu. Sitima inaunyamula bwinobwino. Palibe anamwalira chifukwa choti unachedwa, palibe ngakhale anadwala mutu. Madalaivala aja ndinkawaseka anatsika phirilo mawa lake dzuwa litawala, onse ndi miyendo yawo iwiri.

Titabwerera ku Kabwe ndinaona nkhope yeniyeni ya abwana. Anapita okha ku Bwacha, nkhope ili yachisoni ngati m'busa, n'kukauza abale kuti iwo anatiuza kuti tidikire koma ine ndinakana. Bodza la masanasana. Ntchito anandichotsa tsiku lomwelo. Abale ochokera ku Petauke atamva zimenezo, n'kuona kuti ine ndilibe bala lenileni, anamaliza okha samu yawo kuti ndakhwima. Anaitanitsa msonkhano wa banja, ndipo azakhali ena anandiloza chala m'maso kuti ndinene sing'anga amene anandipatsa mankhwala. A Daka ndi amene anawadula pakamwa, ali gone pamphasa.

"Musiyeni. Mulamu wanga si mfwiti, ni wosamva chabe."

Anandipulumutsa, koma ndikuuzeni, mawu amenewo anandipweteka kuposa kutchedwa mfiti, chifukwa anali oona. Kuyambira pamenepo a Daka sanandinyozeponso. Amandipatsa moni waulemu ngati mlendo, amandifunsa za ana, basi. Mkazi wanga amaphika, amachapa, amandiyankha ndikamufunsa, koma ndikalowa m'nyumba nyimbo imene amaimba imathera pakhosi. Sindimuimba mlandu.

Tsono inu owerenga, akulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo nyumba imeneyo ndi imene ndikukhalamo ine. Luso limene munaphunzira kwanu ndi la kwanu. Mukapita kumayiko kumene kumagwa chipale chofewa, dzitengeni ngati mwana amene akuyamba kumene kugwira chiwongolero. Msewu ukamanyezimira kunja kukuzizira choncho, musaukhulupirire, makamaka pamlatho ndi pamthunzi. Galimoto ikayamba kuterera musaponde moto, musadinde mabuleki, chotsani phazi mofatsa. Koma choposa zonse, musafike n'komwe pamenepo. Mukaona eni dziko aimika magalimoto awo, imikani yanu pambali pawo, muwapemphe tiyi.

Ndipo bwana akakuimbirani ali kutali n'kumakuopsezani ndi makiyi, muuzeni abwere adzayendetse yekha. Zikavuta adzakukanani pamaso pa abale anu ngati sanakuoneponi. Komanso mlamu wanu, ngakhale mumaseka naye tsiku lililonse, tsiku limene wasiya kuseka mumvereni.

Pano ndimapalasa njinga Loweruka lililonse kupita ku Bwacha kukathandiza zimene a Daka sangathenso kuchita okha. Mwezi watha anandituma kumsika kuti ndikawagulire nsapato yopitira kutchalitchi. Ndinazungulira msika wonse, ogulitsa onse anakana kundigulitsa imodzi, ena n'kumandiseka poganiza kuti ndikuchita nthabwala. Ndinagula ziwiri. Yakumanja ndinakawapatsa. Yakumanzere ndinachita nayo manyazi kuionetsa, ndinabwera nayo kwathu, ndipo ili pansi pa bedi langa, yatsopano, sindikudziwa koitaya.