Supagulu pa dzino la alamu

Ke. Ke.

Kaphokosoka ndinakamva Lamulungu masana kunyumba kwanga ku Soche, pamene alamu anga a Zuze, achimwene a akazi anga, ankaluma chimanga chootcha. Kankamveka ngati kapu yosakhala bwino pa sosala. Anthu ena onse sanamve kanthu. Ine ndinakulira kwa agogo ku Chilobwe makolo atamwalira, ndipo mwana wokula choncho sayankhula kwambiri, amangotchera khutu. Amadziwa kuti m'nyumba muli mtendere kapena ayi pongomva mmene chitseko chatsekedwera.

"Alamu, dzinolo likugwedera," ndinatero.

"Dzino lake liti? Ili?" Analigogoda ndi chikhadabo. "Ichi ndi chitsulo, bambo. Chitsulo sichidwala."

A Zuze amatsogolera mwambo m'maukwati. Akagwira maiki, ngakhale amalume ouma manja amadzuka kukavina perekaniperekani. Ntchito yawo ili pakamwa. Choncho minibasi itachita ngozi pamsewu wa ku Chirimba n'kuwagwetsa dzino lakutsogolo, sanafune za mano ovula pogona aja. Anapita kwa dokotala wa mano m'tauni, nawaika lokhazikika. Kwa amene simunalionepo: amaboola fupa la nsagwada, n'kulowetsamo kabawuti kachitsulo, fupa n'kukagwira. Pamwamba pake amamangirirapo dzino loyera. Zidutswa ziwiri, ndipo pakati pake pali polumikizira.

"Nanga munabwererako kuti akalione?" ndinafunsa.

"Ndikatani? Likupweteka? Likayamba kusewera ndili ndi mankhwala ake."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kachubu kofinyidwa mpaka pakati. Supagulu. Yemwe uja amagulitsa anyamata m'mbali mwa msewu ku Limbe, pakati pa mabatire ndi mankhwala a makoswe.

Akazi anga anagwira kumutu. "Achimwene, m'kamwa?"

"Kadontho kamodzi basi. Umangokweza mlomo, kudikira kaume. Kodi amene anapanga guluuyu si ophunziranso?"

Nonse mukuseka, ndikudziwa. Koma musanamalize kuseka, tayang'anani mpopi wa panja panu. Polumikizira paipi pamangidwa chiyani? Si mphira wa chubu cha njinga? Nanga waya wa wailesi, si pepala la pulasitiki mwakulungapo? Ife chinthu timachikonda tsiku logula. Timachijambula, kuchionetsa kwa aneba, mwina kuitana abusa adzachipempherere. Zochisamala n'za anthu ena.

Ndipo chinthu sichiyambira pakati kuwonongeka. Chimayambira pamene zidutswa zakumana. Agogo anali ndi ndowa yachitini yomwe inkadontha pamsoko wa pansi. M'mawa uliwonse ankamatapo sopo, ine n'kukatunga madzi. Inkasiya kudontha, inde, koma dzimbiri linkadya mwakachetechete kuseri kwa sopoyo, mpaka tsiku lina pansi ponse panachoka ndowa ili pamutu panga. Agogo sindiwanena, analibe pogwira. Koma munthu wokhala ndi masuti oti mtundu uliwonse wa ukwati uli ndi yake, n'kumamata nsagwada ngati nsapato?

Lachitatu alamu anandiimbira foni. Mawu ankatuluka ngati alumira mbatata yotentha. Anati mlomo wam'mwamba unali utatupa. "Alamu, mundiperekeze mawa. Koma mlongo wangayo musamuuze, andinyoza." Anasankha ine chifukwa amadziwa kuti sindiyankhula.

Dokotalayo ndi mayi wodekha, koma atayang'ana m'kamwamo anavula magalasi.

"Bambo Zuze, ichi n'chiyani?"

"Thandizo loyamba, adokotala."

Mayiyo sanaseke. Anakanikiza nkhama ndi kachitsulo, ndipo panatuluka mafinya. Fungo lake linafika mpaka pampando wanga. Kenako anatenga chidole cha dzino chachikulu ngati chibakera, n'kuchimasula kuti tione. Anati ngakhale dzino litamangidwa bwino chotani, pamene likumana ndi kabawuti pamatsala kampata kosaoneka ndi maso. Kwa ife n'kosaoneka, kwa majeremusi ndi khomo. Likamangika zolimba, khomolo limakhala lothina. Likayamba kugwedera, kutafuna kulikonse kumapopera malovu ndi zakudya m'kati, n'kutulutsa zoola kunja, pa nkhama. Nkhama zikatupa, fupa logwira kabawuti limayamba kusungunuka.

"Koma silimapweteka," anatero alamu.

"Lipweteka bwanji? Chitsulo chilibe mtsempha woti ukuuzeni. Dzino lanu lobadwa nalo likanakusowetsani tulo kalekale. Ili limangokhala chete mpaka fupa litatha. N'chifukwa chake tinati muzibwera."

Ndiye guluu uja? Anati sanamange kalikonse, chifukwa chomasuka chili m'kati. Anangotsekera dothi momwemo, kuwotcha nkhama, n'kusiya zokakala zoti majeremusi azikangamirapo, mswachi osafikapo. Anafunsanso ngati amatokosa m'mano. Alamu anayang'ana kudenga. Bokosi la machesi limakhala m'thumba mwawo ngakhale sasuta.

Apa mpamene pamandikwiyitsa. Munthu yemweyu amapukuta nsapato mpaka kudziyang'aniramo nkhope. Galimoto yake sigona ndi fumbi. Koma chitsulo chimene chalowa m'fupa lake, chokhudzana ndi magazi ake, akuchisiyira kamtengo ka machesi. Ndipo si iye yekha. Ngozi za kabaza zadzaza makomo athu ndi anthu a zitsulo m'miyendo, zina zotulukira kunja pakhungu. Achipatala amanena momveka kuti pamene chitsulo chalowera pazitsukidwa, pazikhala pouma, ndipo tsiku lobwerera lisaphonyedwe. Ife timamangapo kansalu ka chitenje, mneba n'kubwera ndi phulusa, wina ndi mafuta odzozedwa. Mwendo ukayamba kununkha timati dokotala anaika chitsulo chabodza. Chabodza n'chitsulo, kapena ndife?

Ndisabise, nawo achipatala ena amafotokoza mothamanga, m'Chingerezi, munthu dzanzi lisanathe m'kamwa. Wodwala amangogwedeza mutu kuti asaoneke mbuli. Koma alamu anauzidwa m'Chichewa, anapatsidwa ndi timiswachi ting'onoting'ono tolowa m'mipata. Timiswachito akazi awo amatsukira mphuno ya ketulo.

Chigamulo chinali chotere: dzino lichotsedwe lero, m'kati mutsukidwe, apatsidwe mankhwala, ndipo pakhale popanda kanthu mpaka nkhama zitapola. Pokhapo mpamene aone ngati kabawuti kangapulumuke.

"Popanda kanthu? Adokotala, Loweruka ndili ndi ukwati. Mwana wa akuluakulu a mpingo. Ndikaimirire pamaso pa anthu ndi windo?"

"Muli ndi shuga, bambo Zuze. Matenda a m'fupa sadikira ukwati."

"Mungolimanga pang'ono, Lolemba ndibwera."

"Lolemba lake ngati lija munalonjeza chaka chatha?"

Alamu anadzuka, nati akufuna mpweya. Ndinawatsatira pakhonde. Pansi pamsewu oitanira ankakuwa za Limbe, Limbe, wotsala mmodzi. Alamu anaima atagwira chitsulo cha khonde, lilime likusewera ndi dzino lija. Ke. Ke.

"Alamu, inu simuyankhula. Tanenani kanthu lero."

Ndinaganiza zowauza za ndowa ya agogo, koma ndinaona kuti itenga nthawi.

"Loweruka ndi limodzi," ndinatero. "Nsagwada nayonso ndi imodzi. Koma Loweruka limabweranso."

Anandiyang'ana. "Akandiseka."

"Akusekani. Mumalipidwa kuti aziseka."

Anafuna kukwiya, koma mlomo wotupawo unawakaniza. Ndinawaona akuyesera chamumtima, milomo ikugwedera, kufunafuna nthabwala yoti akayambire asanayambidwe ndi ena. Mwina yoti akwati asamale, banja likamasuka polumikizira samata ndi supagulu. Sindikudziwa. Sindikudziwanso ngati kabawuti kaja kapulumuke, dokotala sanalonjeze.

Namwino anasuzumira pakhomo. "Bambo Zuze, tiyambe kapena tilowetse wina?"

Alamu anapisa m'jekete. Anatulutsa bokosi la machesi, kenako kachubu kaja, n'kundifumbatitsa zonse m'manja.

"Sungani. Ndipo Loweruka m'mawa ndikakuimbirani kuti mundibwezere, ngakhale nditalira, musandipatse."

Anakonza tayi n'kulowa.