Kanema wa manyowa wa amalume

Amalume, lero pa Nsaru ndaona amayi awiri akutumizirana kanema pa bulututhi, ndipo ndakumbukira tsiku munkanditumizira wanu uja, wophunzitsa kupanga manyowa. Munagunditsa mafoni athu pampando n'kuletsa aliyense kudutsa. "Mphepo yanu idula kanemayu!" Ine wa ku koleji ndinaseka kuti chitenje sichingadule mafunde. Azakhali atangodutsa ndi ndowa, kanema anaima. Munangoti, "Mphwanga, bukhu lako likuti bwanji pamenepa?"

Munayambiranso katatu osatopa, kuti ndikapatse alimi a ku Kabudula mvula isanagwe. Kanemayo anafika, amalume, ndipo alimi akupatsiranabe. Amandifunsa kuti aphunzitsi a m'foni aja adzabwera liti kudzaona chimanga chawo. Chaka chatha tsopano chitisiyireni, sindinawauzebe.