Ndinamana Mwana Wanga Madzi

Ndine mayi amene ndinamana mwana wanga madzi akumwa mpaka tsiku limene anakomoka. Kwa zaka zambiri anthu akandifunsa ndinkangoti Zelipa anamwalira ndi matenda a shuga, ndipo iwo ankandipepesa. N'zoona kuti anadwala shuga, koma nkhani sithera pamenepo. Inu owerenga, makamaka amene muli ndi ana m'nyumba, ndiloleni ndikuuzeni mbali imene ndinkabisa.

Ndinabadwira ku Katete. Amayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo chaka chimene dziko lathu linalandira ufulu, atate ananditumiza ku Lusaka kukakhala ndi mlongo wawo ku Kabwata. Azakhaliwo anali ndi ana awo anayi m'kanyumba kozungulira kofolera ndi udzu. Ine ndinkagona pachiguduli pafupi ndi chitseko. Kumudzi sindinkakodza pogona, koma nditangofika ku Kabwata zinayamba. Kaya anali mantha, kaya kunali kusowa amayi, palibe anafunsa.

Azakhali anali ndi mankhwala awoawo. M'mawa uliwonse ankanunkhiza chiguduli changa. Akachipeza chonyowa ankandisenzetsa pamutu, n'kundimanga chule wamoyo m'chiuno ndi luzi, kenaka n'kuitana ana a m'makomo oyandikana kuti andiperekeze mpaka kumpopi kumene amayi ankatunga madzi. Anawo ankaomba zitini akukuwa kuti, "Wakodza! Wakodza!" Mkodzo unkandiyenderera kumaso, chule akuphiriphitha pamimba. Amayi apampopi ankaseka, ena n'kumati ndi mmene mwana amaphunzirira. Dzuwa likangopendeka azakhali sankandilolanso kumwa kanthu. Patatha chaka ndinasiya, ndipo azakhali ankadzitama kuti andichiritsa. Ine ndinawakhulupirira. Ndinakula ndikudziwa kuti mwana wokodza pogona ndi waulesi, ndipo chomuwongola ndi manyazi.

Nditamaliza sukulu ndinaphunzira kutayipa n'kupeza ntchito mu ofesi ina pakati pa tauni. Ndinakwatiwa ndi mwamuna wofatsa, woyendetsa malole a kampani ina ya kumafakitale, ndipo tinapeza nyumba ku Chelstone. Mulungu anatipatsa ana awiri, Zelipa ndi mlongo wake wamng'ono Yotamu. Nyumba yanga inkadziwika ndi ukhondo. Khonde ndinkalipaka polishi wofiira mpaka munthu kudziona nkhope. Kutchalitchi ndinali m'gulu la amayi, ndipo bulauzi yanga ndiyo inkawala kuposa ya aliyense. Za ku Kabwata sindinauzepo munthu, ngakhale mwamuna wanga.

Zelipa anali mwana wachete, wokonda kusewera chiyato ndi timiyala pakhonde. Vutoli linamuyamba ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Inali nthawi ija ya chipani chimodzi pamene zinthu zinkasowa m'masitolo, sopo tikumupeza titaima pamzere theka la tsiku. M'mawa wina ndinalowa kuchipinda kwa ana n'kumva fungo. Ndinavundukula bulangete ndipo ndinapeza matiresi atanyoweratu. Mtsikana wamkulu chotero, woti posachedwa atha msinkhu! Ndinamumenya mbama asanadzuke n'komwe bwino.

Mawa lake zinachitikanso, ndi mkuja womwe. Mwanayo ankamwa madzi ngati ng'ombe, kapu pambuyo pa kapu. Ine ndinati gwero la vuto ndi limenelo. Ndinalamula kuti ikangokwana folo koloko madzulo asamwenso kanthu. Nditaona kuti akumwa mobisa, ndinamasula zotsegulira mipopi yonse, wa kukhitchini, wa kubafa ndi wa panja, n'kumaziika m'chikwama changa cha m'manja. Madzi ophikira ndinkawatsekera m'chipinda changa. Ankabwera pakhomo la chipindacho, milomo itauma mpaka kung'ambika, n'kunena m'Chinyanja cha ana a m'tauni muno kuti, "Mami, nili na njota." Ludzu limenelo ine ndinkaliyankha ndi mawu amodzi: ukaleka kukodza udzamwa.

Zizindikiro zinalipo, inu owerenga, ndipo zonse ndinaziona ndi maso angawa. Ankadya kwambiri koma akuonderaonderabe, yunifolomu ya sukulu inayamba kumukhuthukira. Aphunzitsi ake analemba kakalata koti amapempha kutuluka kangapo phunziro lisanathe ndiponso amasinza m'kalasi. Ndinamukwapula chifukwa cha kalatayo. Ndikayanika matiresi ake kuseri kwa nyumba, nyerere zinkaunjikana pamalo onyowawo, ine n'kumati onani uve wake waitana ndi tizilombo tomwe. M'mawa wina ndinamupeza atakwera pachimbudzi, atatsegula kathanki kapamwamba, akutunga madzi a mmenemo ndi manja n'kumamwa. Mayi wina aliyense akanalira. Ine ndinathyola nthambi ya mpichesi.

Atate ake ankakhala pamsewu masabata awiri kapena atatu. Atabwera ulendo wina anamuyang'ana mwanayo n'kunena kuti timutengere kuchipatala. Ndinawayankha kuti iwo ndi amene amamulekerera, kuti za ana aakazi azisiyire ine, ndipo kuti kuchipatala sachiritsa ulesi. Anali munthu wosakonda mikangano. Anamusiyira Zelipa mabisiketi, m'mawa mwake n'kunyamuka ndi lole kupita ku Dar es Salaam.

Loweruka la sabata imeneyo ndinachita chinthu chimene sindidzaiwala mpaka kumanda. Ndinali nditatsala ndi kachidutswa ka sopo, ndipo mabulangete onse awiri anali onyowa. Ndinamusenzetsa Zelipa matiresi pamutu. Chule ndinalibe, koma ndinaitana ana amene ankasewera mumsewu, anzake omwe ankachita nawo chiyato, n'kuwauza chimene wachita ndi mawu oti azikuwa. Poyamba anawo ankachita manyazi. Ine ndi amene ndinayambitsa, ndikuomba m'manja. Tinayenda msewu wathu wonse kulowera kuthanki yaikulu ya madzi ya m'dera lathu, anthu akutuluka m'mageti kudzaonerera. Zelipa sanalire. Ankangodzandira, matiresi akumuphimba kumaso.

Munthu mmodzi yekha ndi amene anatiimitsa. Anali Bana Mwape, kutanthauza amake a Mwape, mayi wachikulire wochokera ku Luapula, mkazi wa mkulu wa mpingo wathu, amene ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu. Anabalalitsa anawo n'kumutula Zelipa matiresi.

"Bana Zelipa, uyu mwana adwala," anatero. "Onani mwamene ayondela. Mupelekeni kuchipatala lelo."

Ndinawauza pamaso pa anthu kuti akalere ana awo, wanga andisiyire. Ndinanyamula matiresi ndi dzanja limodzi, linalo ndikukoka mwana, kubwerera kunyumba. Tsiku limenelo sindinamupatse madzi kuyambira masana.

Lamulungu Zelipa anayamba kusanza ndi kudandaula m'mimba. Ndinati akuzemba kutchalitchi chifukwa cha manyazi, ndipo ndinamusiya m'nyumba, zotsegulira mipopi zili m'chikwama changa pabenchi ya tchalitchi. Pobwerera ndinamupeza atagwa pansi kukhitchini, pafupi ndi sinki, akupuma mwamphamvu ngati munthu amene wathamanga mtunda wautali. Amuna awo a Bana Mwape ndi amene anatinyamula pagalimoto yawo.

Kuchipatala dokotala anandifunsa mafunso ochepa. Kodi amamwa madzi kwambiri? Kodi amakodza pafupipafupi? Waonda kuyambira liti? Zonse ndinayankha kuti inde, ndipo papita miyezi iwiri. Anandiuza kuti ndi matenda a shuga, kuti amagwiranso ana, ndipo kuti thupi lake linkafuna madzi aja pofuna kutulutsa shugayo. Kenaka anafunsa chifukwa chake mwana wauma thupi chotero.

Anamuika madiripi. Tsiku lachiwiri masana anatsegula maso. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kupapasa nsalu ya pabedi. Inali yonyowa. Anandiyang'ana ndi mantha amene sindinawaonepo pankhope ya munthu.

"Mami, sininachite dala. Musaitane anzanga."

Ndinangomugwira dzanja, iye n'kulibweza. Sanalankhulenso. Anamwalira Lachitatu m'mawa, atate ake akadali pamsewu.

Pamaliro anthu ankandigwira m'mapewa n'kumati ndi chifuniro cha Mulungu. Amene anaona za Loweruka lija ankangondiyang'ana chapatali. Zotsegulira mipopi ndinazibwezeretsa mwamuna wanga asanafike. Iye anauzidwa za shuga basi.

Mungaganize kuti imfa inandiphunzitsa. Ayi. Patangotha mwezi, Yotamu, amene anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anayamba kukodza pogona. Ankabisa bulangete lake kuseri kwa khola la nkhuku. Tsiku limene ndinalipeza, mutu unanditentha monga kale, ndipo ndinazindikira dzanja langa lili m'mwamba. Mwanayo anagwada pafumbi n'kunena kuti, "Mami, sinizamwanso madzi, nalumbila." Anali ataona zonse zimene ndinkachitira mlongo wake. Ndinamusiya pomwepo n'kuthamanga wopanda nsapato mpaka pageti la Bana Mwape, mayi yemwe uja ndinamunyoza pagulu.

Bana Mwape anali ataphunzitsidwa ndi mpingo ntchito ya uphungu. Anandilandira, napita okha kukatenga Yotamu, ndipo anakonza zoti akayezedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Analibe shuga, anali mantha chabe. Kuyambira pamenepo tinkakumana Lachinayi lililonse m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Ndinkayembekeza kuti andikalipira kapena anditonthoza. Iwo anandifunsa funso limene palibe anali atandifunsapo.

"Zija za matiresi pamutu, munazionela kuti? Anakuchitani ndani?"

Ndinayamba kuseka, ndikuti ndi mmene tonse tinakulira. Kenaka ndinayamba kufotokoza za Kabwata, za chule, za zitini, ndipo ndinalira ngati kamwana mpaka kusanza. Ndinali ndi zaka zoposa makumi atatu, koma aka kanali koyamba kuvomereza kuti zimene anandichita azakhali sanali mankhwala, zinali nkhanza. Bana Mwape anandionetsa kuti tsiku lililonse ndikamva fungo lija, ndinkalimbana ndi manyazi anga akale, ndipo mwana wanga ndi amene ankalandira zikwapu zake.

Sanandinamize kuti ndilibe mlandu. Ananena poyera kuti zimene ndinachitidwa zikufotokoza chiyambi chake, koma manja amene anamasula mipopi anali anga. Tinkapemphera, tinkawerenga Mawu a Mulungu, ndipo anandiphunzitsa kuti mkwiyo ukandigwira ndizituluka panja kaye ndisanakhudze mwana. Chovuta kuposa zonse, anati kulapa kwanga sikungakhale koona ngati mwamuna wanga sakudziwa. Ndinamuuza mwamuna wangayo, Bana Mwape ali pomwepo. Anamvetsera mpaka kumapeto, anaimirira, natenga jekete lake. Anakhala miyezi inayi akugona kuntchito. Anabwerera chifukwa cha Yotamu, ndipo tinakhala limodzi mpaka imfa yake, koma dzina la Zelipa sanalitchulenso ine ndilipo.

Ndinapitanso kukaona azakhali, amene panthawiyo ankasungidwa ndi mwana wawo ku Libala. Ndinkaganiza kuti mwina apepesa. Nditawakumbutsa, anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, "Nanga sunasiye? Ukanakhala ukukodzabe mpaka kubanja." Ndinawafunsa ngati iwonso anachitidwapo zotere. Anati agogo awo ankachita zoposa pamenepo. Ndinatsanzika. Kuwakhululukira kunanditengera zaka, ndipo ndinachita popanda iwo kupempha.

Yotamu anasiya yekha patatha miyezi ingapo, popanda chikwapu. Lero ndi bambo wa ana atatu ndipo amandilemekeza. Koma ndazindikira kuti sanasiyepo mwana wake aliyense kuti agone kwanga. Sindinamufunse chifukwa, ndikuchidziwa.

Inu owerenga, mwana akasintha mwadzidzidzi, akayamba kukodza pogona, kuonda kapena kumwa madzi mosalekeza, thamangirani naye kuchipatala musanathyole nthambi. Mnzanu akakuimitsani pamsewu n'kunena kuti mwana wanu akudwala, mezani manyazi n'kumumvera. Ndipo mukaona kuti cholakwa chaching'ono cha mwana chikukupsetsani mtima mopitirira muyeso, dzifunseni kuti mkwiyo umenewo unayambira kuti. Musanene kuti ine ndinamenyedwa koma ndinakula bwino. Inenso ndinkatero, ndili ndi ntchito, nyumba yowala ndi bulauzi yoyera. Pezani munthu woopa Mulungu, wodziwa kumvetsera ndi kusunga chinsinsi, mumuuze zimene munachitidwa muli ana. Bana Mwape ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu zaka zonsezo. Ine ndinagogoda pageti lawo mwana wanga atagona kale kumanda.