Kawaya ka pa Madzimoyo

Tinanyamuka ku Chipata cha m'ma seveni m'mawa, ine pachiwongolero, Atate pambali panga atafungatira bokosi lawo la masipanala. Munali mu 1997, ndipo tinkapita ku Mtenguleni kukatenga mtedza kwa azakhali. Galimotoyo ndinali nditangoigula, yogwirapo kale ntchito ku Japan, yokhala ndi kakompyuta. Atate, makaniko wa zaka makumi atatu, ankainyoza poyera. Iwo matenda a injini ankawadziwa ndi khutu, ndipo tauni yonse inkawatama nazo.

Titangotuluka m'tauni, injini inayamba kugogoda, ndipo kanyale kachikasu kanayaka patsogolo panga. Atate ankangosirira minda ya thonje. Nditawafunsa ngati akumva, anayankha kuti thonje labereka chaka chino. Ndinafunsanso mokweza, iwo n'kungomwetulira. Mtima unandiwawa, chifukwa ndinazindikira zimene ankatibisira kunyumba: makutu aja anali atatha.

Cha m'ma eyiti ndinaima pa Madzimoyo, n'kunamizira njala. Ndinagula mbatata yootcha ya K200, kenaka ndinawauza kuti injini ikugogoda. Anatsegula boneti, n'kugunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake kukhutu, monga ankachitira ndili mwana. Anakhalitsa choncho. Anthu odikira basi anayamba kuunjikana, ndipo ine ndinachita mantha kuti manyazi awagwera pagulu.

Dalaivala wina wa minibasi, amene ankadikira kuti idzaze, anabwera ndi kawaya m'manja.

"Madala, izi za ku Japan sizifuna khutu. Zikamba zokha."

Analumikiza timabowo tiwiri m'kabokosi ka pambali pa injini, nandiuza kuti nditembenuze kiyi osaliza injini. Dzuwa linkaphimba kanyaleko, choncho ndinayala chitenje changa pagalasi. Atate analowetsa mutu m'galimoto, n'kuwerenga mokweza mmene kankaphethirira: kamodzi, kupuma, kenaka kanayi. Dalaivala uja anatsegula kope lake lamafutamafuta n'kuwaonetsa tanthauzo: vuto lili ku koyilo, moto ukutuluka msanga pisitoni isanafike malo ake.

Zotsalazo Atate sanafune wowathandiza. Anatsata waya wa koyilo ndi zala mpaka anapeza pamene unanyuka n'kumakhudza chitsulo. Anaukulunga ndi tepi, akung'ung'udza kuti galimoto yolankhula ndi maso ndi yamwano. Ndisanalize injini, anandigwira dzanja, osandiyang'ana.

"Naphiri, iwe umvetsere. Ine ndiyang'ana kanyale."

Kanyale kanazima, kugogoda kunatha, ndipo aliyense anauza mnzake mbali yake.

Tinafika ku Mtenguleni dzuwa lili pamutu, kawaya kaja kali m'thumba la shati ya Atate, pakuti anachita kukapempha kwa dalaivala uja. Za makutu sitinakambepo tsiku limenelo, ngakhale pambuyo pake. Kungoti kuyambira pamenepo, galimoto ikabwera kugaraja ankatuma munthu kudzandiitana kuti ndikamvetsere. Ndinkadandaula kuti akundichedwetsa ntchito. Lero ndimalakalaka atandiitananso.