Kamtsikana ka m'buku la achemwali

Achemwali anga analemba kabuku kofotokoza mmene tinakulira kuphiri, kuseri kwa Machinjiri, kopanda magetsi, kopanda mpope, ngakhale neba, poti malemu bambo ankati m'tauni mumawononga ana. Mayina anasintha. M'kabukumo ine ndine Esinati, kamtsikana kamene kanathawa kakulira tsiku loyamba kuona TV.

Lachinayi lapitali, ku msonkhano wa amayi a mpingo kuno ku Chilomoni, Mayi Phiri, aphunzitsi, anabwera ndi kabukuko n'kuyamba kuwerenga mokweza. Apongozi anga anali pomwepo, atanyamula Tadala wanga. Iwotu amadziwa kuti ndinakulira ku Zingwangwa kwa amalume, mmene ndinawauzira. Maso anga anali pakamwa pawo.

"Koma abambo amenewa mutu unkayenda?" anafunsa mayi wina.

"Banja lotere mwana wanga sangakwatireko, olo pang'ono," anatero apongozi. "Kapena ndikunama, amake Tadala?"

Ndinaseka. Ndinaseka kuposa onse, mpaka kuwomba m'manja, n'kunena kuti, "Amenewo ndi anyani, amayi, si anthu ayi." Bambo anga omwe, amene ankandibereka kumsana pokwera phiri lija!

Mayi Phiri okha sanaseke. Anati, "Ine kamtsikanaka kanandiliza. Ndikanakonda kudziwa kuti kali kuti lero."

Mabondo anga ndi a Mayi Phiri anali atagundana pabenchi. Ndinati mwana wanyowetsa thewera, ndinamulanda kwa apongozi n'kuthamangira panja. Theweralo linali louma gwa.